George Washington Carver: Mnyamata Amene Koleji Inamubweza Pakhomo

Semesita iliyonse timataya anzathu. Wina fizi yamukanika, wina mayeso amugwetsa, wina wapita kumudzi kukadwazika mayi ake. Amatsanzika kuti abweranso chaka chamawa, ife n'kuvomera ndi pakamwa, koma mumtima tikukayika. Palinso ena amene tili nawo m'kalasi momwemu, azaka 28 kapena 30, amene amakonda mpando wakumbuyo chifukwa anzawo a msinkhu wawo ali kale pantchito. Anthu amenewa amatikumbutsa George Washington Carver, katswiri wa zaulimi wa ku America, amene analowa koleji ali ndi zaka pafupifupi 26, patatha zaka 5 koleji ina itamukana.

Carver anabadwa ali kapolo cha m'ma 1864, pafamu ya Moses Carver pafupi ndi Diamond m'chigawo cha Missouri. Ali khanda, achifwamba anamuba pamodzi ndi mayi ake, a Mary. Munthu amene anatumidwa kukawafuna anabwerako ndi mwana yekha. Ukapolo utatha mu 1865, Moses ndi mkazi wake Susan analera George ndi mkulu wake James. George anali wodwaladwala, choncho m'malo mopita kumunda ankatsala pakhomo kuphunzira kuphika, kuchapa, kusita ndi kusoka. Anyamata ambiri akanaona ngati chipongwe. Koma ntchito zimenezi n'zimene zinadzamudyetsa ndi kumulipirira sukulu kwa zaka zambiri.

Sukulu ya ku Diamond sinkalandira ana akuda. Asanakwanitse zaka 14 anayenda wapansi kupita ku Neosho kumene kunali sukulu ya ana akuda, ndipo Mayi Mariah Watkins, omwe anali mzamba, anamusunga pakhomo pawo. Kuchokera apo anayendayenda m'matauni a ku Kansas, akuphunzira ndalama zikapezeka, zikatha n'kubwerera kukachapa zovala za anthu. Mu 1879 ku Fort Scott anaona ndi maso ake gulu la azungu likupha munthu wakuda, ndipo anathawamo m'tauniyo. Sekondale anakamalizira ku Minneapolis, katauni ka ku Kansas komweko.

Kenaka analembera kalata koleji ya ku Highland, ndipo yankho linabwera lakuti wamulandira. Anasonkhanitsa tindalama take n'kuyenda ulendo wonsewo. Atafika, akuluakulu a kolejiyo anaona khungu lake n'kumuuza kuti malo palibe. Amene tinalandirapo kalata yotiitana ku koleji timadziwa mmene imasungidwira, mmene timaionetsera kwa achibale ndi kumpingo. Tangoganizani kubwezedwa pakhomo kalatayo ili m'thumba.

Mabuku ambiri amadumpha zaka zotsatira, koma ife tikuona kuti nkhani yagona pamenepa. Carver sanapeze koleji ina msanga. Mu 1886 anapita ku Ness County, kumadzulo kwa Kansas, dera louma ndi lamphepo, n'kutenga malo amene boma linkagawa kwa ofuna kulima. Anamanga nyumba ya zibuma zaudzu, nalima chimanga ndi ndiwo zamasamba, nadzala mitengo. Ulimiwo sunamupindulire ndipo anachokako. Komabe nthawi yonseyi ankatola zomera ndi miyala, ankajambula maluwa, ankawerenga. Analibe mphunzitsi, analibe mayeso, panalibenso womulonjeza kuti khomo lina lidzatseguka. Anangokana kuti mutu wake uchite dzimbiri. Ndipo kumeneko anaphunzira chinthu chimene labotale siphunzitsa: mmene mlimi wosauka amamvera akaika mphamvu zake zonse m'nthaka imene sikumubwezera.

Atasamukira ku Winterset m'chigawo cha Iowa, ankaphika m'hotela. Banja la a Milholland, limene anakumana nalo kutchalitchi, linamulimbikitsa kuti ayesenso. Mu 1890 Simpson College inamulandira. Ankachapa zovala za ophunzira anzake kuti apeze chakudya, ndipo maphunziro ake anali a zojambula ndi piyano.

Apa panachitika chinthu china chimene chimativuta ambirife. Mphunzitsi wake wa zojambula, Etta Budd, anaona kuti luso analidi nalo, koma anaonanso kuti munthu wakuda wa nthawi imeneyo sakanadya ndi zithunzi. Poona kuti zojambula zake zinali zomera zokhazokha, anamulangiza kuti akaphunzire zaulimi ku koleji ya ku Ames, imene lero ndi Iowa State University. Munthu amene wadikira zaka zonsezo kuti apeze malo, n'kuuzidwa kuti asinthe kosi ndi sukulu yomwe, akanatha kukwiya. Carver anamvera. Mu 1891 anakhala wophunzira wakuda woyamba pakolejiyo, ndipo poyamba ankamudyetsa kuchipinda chapansi pamodzi ndi antchito, osati m'holo ya ophunzira. Digiri yoyamba analandira mu 1894, yachiwiri mu 1896, atazama pa matenda a zomera. Kujambula sanakusiye, anajambula mpaka ukalamba wake.

Ku Iowa anali atayamba kale kuphunzitsa, tsogolo lili bwino. Koma mu 1896 Booker T. Washington anamuitana ku Tuskegee Institute m'chigawo cha Alabama, sukulu ya anthu akuda yosowa zipangizo, ndipo anapita. Labotale yake yoyamba anaipanga ndi mabotolo ndi ziwiya zotola kudzala. Alimi akuda a m'deralo ankalima thonje chaka ndi chaka pamunda umodzimodzi mpaka nthaka inaguga, ndipo ambiri anali m'ngongole kwa eni minda. Feteleza sakanamukwanitsa. Carver anawaphunzitsa kupanga manyowa ndi masamba ndi matope a m'madambo, ndiponso kasinthasintha wa mbewu: khobwe ndi mtedza kuti zibwezeretse chonde m'nthaka, mbatata kuti banja lisagone ndi njala. Popeza alimi sakanatha kubwera kusukulu, mu 1906 sukulu inawatsatira pa ngolo yokokedwa ndi nyama, yonyamula zipangizo zophunzitsira, yotchedwa Jesup Wagon. Analemba timabuku 44 m'chilankhulo chosavuta, ndipo kamodzi, ka mu 1916, kanali ndi njira 105 zokonzera mtedza kuti udyedwe. Zaka zija za kukhitchini zinagwira ntchito pamenepa.

Tisamukometsere mopitirira. Chiponde sanatulukire ndi iye, ngakhale ambiri amatero, ndipo zambiri mwa zinthu zimene anapanga kuchokera ku mtedza sizinafike pamsika. Pa utsogoleri wa mu ofesi anali wofooka. Malipoti ndi kuyang'anira famu ya sukulu zinkamulemera, ankakangana kawirikawiri ndi Washington, ndipo kangapo konse anaopseza kuti asiya ntchito. Zinthu zinayamba kumuyendera pamene anamuchotsera zambiri za utsogoleri n'kumusiya ndi kafukufuku ndi kuphunzitsa. Ena mwa ife timalimbana kwambiri ndi maudindo a m'makomiti pamene mphatso yathu ili kwina.

Ophunzira ake ankamukumbukira chifukwa cha zina. Ankadzuka kusanache n'kupita kuthengo kukapemphera ndi kutola zomera. Kwa zaka pafupifupi 30 ankaphunzitsa Baibulo Lamlungu madzulo kwa aliyense wofuna, ndipo ankabwera ndi duwa kapena nthambi m'manja pofotokoza za Mlengi. Ambiri ankalemberana naye makalata atamaliza sukulu.

Kutchuka kunamupeza mochedwanso. Mu 1921, ali ndi zaka zoposa 55, anakalankhula za mtedza pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ku Washington. Anamupatsa mphindi 10, koma aphungu anamuwonjezera nthawi mobwerezabwereza. Anapitiriza kuvala majekete ake akale okhala ndi duwa pachifuwa, sanakwatire, ndipo mu 1940 anapereka ndalama zimene anasunga kuti zikhazikitse thumba lothandiza kafukufuku wa zaulimi ku Tuskegee. Anamwalira pa 5 January 1943 atagwira ntchito pasukuluyo zaka pafupifupi 47, ndipo anaikidwa pafupi ndi manda a Booker T. Washington, bwana wake amene ankakangana naye uja.