Brigid Woyera wa ku Kildare

Pa tsiku loyamba la mwezi wa February Eklezia akumbukira Brigid Woyera, namwali wa ku Ireland, dziko limene linatumiza ansembe ndi asisitere ambiri ku Zambia. Anthu a kumeneko amuyesa nkhoswe yao pamodzi ndi Patrick ndi Columba, ndipo kuyambira caka ca 2023 ali ndi tsiku lopumula la kumkumbukira.

Mbiri ya makolo iti anabadwira ku Faughart, pafupi ndi Dundalk, ngati m'caka ca 451. Atate wace Dubhthach anali mfumu yacikunja, koma amai wace Broicsech anali kapolo. Cotero mwanayo anakulira pa nchito ya kuweta ndi kukama ng'ombe. Ana a kwa Kambombo, kumene kashembe saleka ng'ombe kuti zicuruke, sangamve msanga kulemera kwa nkhaniyi. Mphunzitsi awauze kuti mkaka kwa anthu aja unali monga mpunga m'cigwa ca Luangwa, ndiwo cuma ca banja lonse. Tsono cuma cimeneci Brigid anali kugawira amphawi kosaleka, kufikira atate wace anatopa naye, namtenga kukamgulitsa kwa mfumu ya ku Leinster. Alikudikira pabwalo, anafika wakhate kudzapempha, ndipo iye, posowa kanthu kena, anampatsa lupanga la atate wace. Mfumu ija pakumva ici inakana kumgula.

Anakana ukwati, nalandira cobvala ca unamwali kwa Bishopu Mel. Ngati m'caka ca 480 anamanga nyumba ya mapemphero pansi pa mtengo waukuru wa oak, ndipo dzina la Kildare litanthauza chalichi ca pa mtengo umenewo. Panakhala nyumba ziwiri, ya akazi ndi ya amuna, Brigid nayang'anira pamodzi ndi Bishopu Conleth. Anamwalira ngati m'caka ca 525.

Pali cinthu cimene mwana wocenjera adzafunsa, ndipo sikuyenera kumbisira. Cikristu cisanafike, a ku Ireland anali kupembedza mulungu wamkazi, dzina lace Brigid yemweyo. Buku la Cormac, la zaka za pafupi ndi 900, limchula mwana wa Dagda, woyang'anira alakatuli, asing'anga ndi osula zitsulo. Tsiku la Woyerayo ligwa pa Imbolc, cikondwerero cakale ca kutha kwa cisanu. Ndiponso Cogitosus, amene analemba mbiri yace ngati m'caka ca 650, sanamuone ndi maso, pakuti zinali zitapita zaka zoposa 100. Cifukwa cace akatswiri ena ati Woyerayo ndiye mulungu wakale wobvekedwa cobvala catsopano. Ena ati analipodi mkazi amene anamanga Kildare, koma anthu anamsenzetsa nthano za mnzace wa dzina. Mau aciwiriwa ndiwo olimba, popeza nyumba ya Kildare inaonekadi ndi maso, ndi akazi oilamulira motsatana zaka mazana ambiri.

Mapemphero ace sanasungidwe m'mabuku mokha. Ziripo nyimbo ziwiri zakale za m'cinenero ca Ireland, zimene ati anapeka Ultán ndi Broccán. Koma ambiri anayenda pakamwa, mai kuphunzitsa mwana wace. Ku zisumbu za Scotland akazi anali kumchula pofotsera moto usiku ndi pokama ng'ombe, ndipo Alexander Carmichael anasonkhanitsa mapemphero otere, nawasindikiza m'caka ca 1900 m'buku la Carmina Gadelica. Kufikira lero a ku Ireland aluka mtanda wace ndi udzu wa kudambo, naupacika m'nyumba.

Gerald wa ku Wales, polemba ngati m'caka ca 1188, anasimba za moto wosazima wa ku Kildare: anamwali 19 anali kuusonkha mosinthana, usiku wa 20 nausiyira Brigid mwini. Motowo unazima pamene Henry VIII anatseka nyumba za anamwali, ndipo asisitere ochedwa ndi dzina lace anauyatsanso m'caka ca 1993.