Osamu Tezuka: dokotala yemwe adasankha makatuni

Mukakhala m'mbali mwa msewu wa M1 pa Mlare m'boma la Karonga, si zachilendo kuona galimoto za ku Japan zikudutsa kuchokera kuchipata cha Songwe. Komatu si galimoto zokha zomwe dzikolo lidatitumizira. Makatuni aja ana amaonera pakanema ndi pafoni, a anthu a maso akuluakulu monga Naruto ndi Dragon Ball, nawonso kwawo n'komweko.

Makatuniwa amawatcha anime, ndipo mbiri yake siingathe osatchula dzina la Osamu Tezuka.

Mkuluyu adabadwa pa 3 November 1928 mumzinda wa Toyonaka kufupi ndi Osaka, koma adakulira ku Takarazuka. Mayi ake ankapita naye kukaonera zisudzo pomwe bambo ake ankaonetsa mafilimu pakhomo, kuphatikizapo makatuni a Walt Disney wa ku America. Apa ndi pomwe mnyamatayu adatengera luso lojambula maso akuluakulu, poona kuti chimwemwe, mantha ndi chisoni zimaonekera msanga m'maso.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idamupeza ali pasukulu. Adatumizidwa kukagwira ntchito m'fakitale ndipo mu 1945 adaona ndi maso ake mabomba akuphulasula mzinda wa Osaka. Izi zidamukhala mumtima moyo wake wonse, moti nthano zake zambiri zimadana ndi nkhondo ndi kulemekeza moyo, kaya wa munthu, nyama ngakhale kachilombo.

Ali mnyamata, manja ake adatupa koopsa ndi matenda koma madokotala adamuchiza. Naye adayamba maphunziro a udokotala mu 1945, uku akujambulabe. Buku lake la nthano za zithunzi la New Treasure Island lidatuluka mu 1947 ndipo lidagulidwa ngati zitumbuwa. Ngakhale adapata chiphaso cha udokotala, Tezuka adasankha cholembera m'malo mwa jakisoni.

Nthawi imeneyo makatuni oyenda sadali achilendo ku Japan. Oyamba adapangidwa mu 1917, ndipo mu 1958 kampani ya Toei idatulutsa filimu yaitali yamitundumitundu yotchedwa Hakujaden. Vuto lidali ndalama ndi nthawi. Sekondi imodzi ya filimu imakhala ndi zithunzi 24, ndipo makampani olemera ngati Disney ankajambula pamanja zithunzi 12 mpaka 24 pa sekondi iliyonse. Ambiri ankaona kuti kutulutsa katuni ya theka la ola sabata ndi sabata n'kosatheka.

Tezuka adatsegula kampani yake, Mushi Production, mu 1961 n'kupeza njira yachidule. Anyamata ake ankajambula zithunzi 8 zokha pa sekondi, nthawi zina osakwana n'komwe. Munthu akamayankhula, pakamwa pokha ndi pomwe pankagwedera, thupi lili chiimire. Zithunzi zakale ankazisunga kuti adzazigwiritsenso ntchito. Poti zoyenda zidachepa, mphamvu adaziika pa nthano yokoma, nkhope yoonetsedwa pafupi komanso mawu.

Pa 1 January 1963, kanema wa Fuji adayamba kuonetsa Astro Boy, nthano ya loboti yooneka ngati mwana komanso yamtima wachifundo. Idafika magawo 193 pomwe inkatha mu 1966, ndipo idaonetsedwanso ku America. Makampani ena adatengera njirayi, moti chomwe chidayamba kamba kosowa ndalama chidasanduka chizindikiro cha anime.

Africa naye adalowa m'ntchito zake. Mu 1965 adatulutsa Jungle Emperor, yomwe ena amaidziwa kuti Kimba the White Lion, nthano ya mwana wa mkango woyera yemwe atate ake adaphedwa ndi alenje. Disney itatulutsa The Lion King mu 1994, anthu ambiri adati mafilimu awiriwa akufanana, koma kampaniyo idakana kuti idaonera.

Koma walira mvula walira matope. Pofuna kuti makatuni ake alowe pakanema, Tezuka adawagulitsa pamtengo wotsika kuposa ndalama zomwe ankaononga, n'kumadalira malonda a zidole ndi mabuku kuti atseke dzenjelo. Eni makanema adazolowera mtengo wozizirawo. Akatswiri ena, kuphatikizapo Hayao Miyazaki yemwe filimu yake ya Spirited Away idapata mphotho ya Oscar mu 2003, adamudzudzula kuti ndiye adayambitsa malipiro ochepa omwe ojambula makatuni akhala akudandaula nawo. Mushi Production nayo idagwa ndi ngongole mu 1973.

Mkuluyu sadagwe mphwayi. Chaka chomwecho adayamba nthano ya Black Jack, ya dokotala wa maopaleshoni wopanda chiphaso, momwe maphunziro ake aja adagwira ntchito, ndipo dzina lake lidamvekanso.

Tezuka adamwalira ndi khansa ya m'mimba pa 9 February 1989 ku Tokyo ali ndi zaka 60, atajambula masamba pafupifupi 150,000. Mu 1994 mzinda wa Takarazuka udatsegula nyumba yosungiramo ntchito zake.

Choncho makolo, mukapeza mwana akujambula nkhope za maso akuluakulu kumapeto kwa kope la masamu, musafulumire kuthyola mkwapulo. Mukumbutseni chabe kuti mwini luso limeneli adamaliza kaye sukulu.