MOYO WA A ORTON CHIRWA, LOYA WOYAMBA WA DZIKO LATHU

Abale athu a m'migodi ndi a m'mafamu, ife a kuno ku Montague Gardens mu mzinda wa Cape Town tifuna kukuuzani mbiri ya munthu mmodzi wa kwathu, kuti muone m'mene malamulo aakulu a dziko amalembedwera ndi m'mene amasinthidwira.

A Orton Chirwa anabadwira m'boma la Nkhata Bay chaka cha 1919. Anaphunzira ku Fort Hare, m'dziko lomwe lino tigwiramo ntchito, napitirira ku London, kumene analandiridwa kukhala loya chaka cha 1958, woyamba mwa anthu akuda a Nyasaland. Chaka cha 1959 Boma la Angerezi linaletsa chipani cha Congress, nilimanga atsogoleri ake pamodzi ndi a Chirwa. Atamasulidwa anayambitsa Malawi Congress Party, ndipo Dr. Banda atatuluka m'ndende ya Gwelo mu April 1960, a Chirwa anawasiyira mpando.

Chaka chomwecho anatsagana ndi Dr. Banda ku msonkhano wa ku Lancaster House ku London, kumene anapangana malamulo opatsa anthu akuda mipando yambiri m'Nyumba ya Malamulo. Chisankho chinachitika 1961. Pa 6 July 1964 dziko linalandira ufulu, ndipo m'malamulo ake aakulu munali gawo lotchinjiriza ufulu wa munthu aliyense. Nduna yoona za chilungamo inali a Chirwa.

Koma ipite miyezi iwiri yokha, nduna zinasiyana maganizo ndi Dr. Banda. Zina mwa zimene zinakana ndizo tiki yolipira ku chipatala, ndi lamulo lotsekera munthu osamuzenga mlandu. A Chirwa anachotsedwa, nathawira ku Tanzania.

Taonani tsono chimene chinachitikira malamulo aja. Chaka cha 1966 analemba ena, oti chipani chikhale chimodzi, ndipo gawo lija la ufulu linachotsedwa. Chaka cha 1969 makhoti a mafumu anapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ya imfa, m'menemo loya saloledwa kulowa. Chaka cha 1971 Dr. Banda analumbira kukhala Pulezidenti wamuyaya. Zonsezi zinadzera m'Nyumba ya Malamulo, mwa dongosolo lake, popanda wotsutsa, pakuti otsutsawo anali m'ndende kapena kunja.

Mu December 1981 a Chirwa ndi akazi awo a Vera, amenenso anali loya, anagwidwa chakumalire a Zambia, naimbidwa mlandu woukira Boma. Anawazengera m'khoti la mafumu ku Blantyre. Munthu amene anayamba kuimirira anzake pa milandu m'dziko lathu anasowa womuimirira iye mwini. Chaka cha 1983 anagamulidwa kuti aphedwe; maiko akunja atadandaula, chilango chinasanduka ndende ya moyo wonse chaka cha 1984. Anamwalira m'ndende ya Zomba pa 20 October 1992.

Imfa yao inadza m'bandakucha. Pa 14 June 1993 anthu anavota kuti zipani zikhale zambiri. Malamulo atsopano anayamba kugwira ntchito mu May 1994, poyamba mongoyesa kwa chaka chimodzi, ndipo atakambidwa pa msonkhano waukulu ku Lilongwe anakhazikitsidwa 1995. Gawo la ufulu linabwerera. Olembawo, pokumbukira zakale, anaika mpanda: kusintha malamulo kumafuna aphungu awiri mwa atatu alionse, ndipo magawo ena safuna aphungu okha koma voti ya mtundu wonse. Mpandawo unayesedwa chaka cha 2002, pamene ena anafuna kuti Pulezidenti aziima kopitirira kawiri. Aphungu sanakwanire, ndipo zinakanika.

Inu amene munaikapo chala pa pepala la ntchito mudziwa kuti mawu amodzi akasinthidwa inu kulibe, thukuta la chaka chonse lipita pachabe. Malamulo a dziko ndi pangano lotero, la mtundu wonse. A Chirwa sanaphedwe ndi kusowa kwa malamulo, koma ndi malamulo osinthidwa anthu ali chete. Chifukwa chake tikamva kuti kwathu afuna kusintha gawo lina, tisanene kuti ife tili kutali. Tifunse kuti ndi gawo liti, ndipo apindule ndani. Tilembere abale kumudzi kuti nawonso afunse aphungu awo.