Cuthbert Woyera, Mmonke wa pa Chilumba cha Mbalame

Pa 20 Malichi Mpingo umakumbukira Cuthbert Woyera, amene anafunafuna bata mpaka anakalipeza pa kachilumba ka miyala komwe eni ake anali mbalame.

Iyeyu anabadwa cha m'ma 635 mu ufumu wa Northumbria, dera lomwe lero lili kumpoto kwa England ndi kummwera kwa Scotland. Ali mnyamata ankaweta nkhosa. Mu 651 analowa m'nyumba ya amonke ku Melrose, ndipo pambuyo pake anakatsogolera amonke ku Lindisfarne. Kumeneko sizinali zophweka, pakuti amonke ena ankakana malamulo omwe ankawaphunzitsa. Beda Woyera, amene analemba mbiri yake, akuti mkangano ukakula pamsonkhano Cuthbert ankangonyamuka osakwiya, mawa lake n'kudzabwereza mfundo yomweyo mofatsa.

Mu 676 analoledwa kukakhala yekha pa chilumba cha Inner Farne. Kanyumba kake anakazunguliza ndi khoma lalitali kotero kuti ali mkati ankangoona kumwamba kokha. Anayesa kudzala tirigu koma sanamere. Barele ndiye anachita bwino, mbalame n'kuyamba kumudya, mpaka mmonkeyo anazidzudzula.

Nkhani yokoma kwambiri ndi ya makwangwala. Ankazula udzu padenga la nyumba ya alendo kukamangira zisa, ndiye Cuthbert anawathamangitsa. Patapita masiku atatu khwangwala wina anabwerera, natambasula mapiko ndi kuweramitsa mutu ngati wopepesa. Atakhululukidwa, iye ndi mnzake anabweretsa mafuta a nkhumba, omwe mmonkeyo ankapatsa alendo kuti azipaka nsapato zawo. Wina atha kuiseka nkhaniyi, koma ikuonetsa munthu amene ankadekha n'kumaonetsetsa zomwe mbalame ikuchita, ndipo khwangwalayo anakhala phunziro la kudzichepetsa lomwe ankauza abale odzamuona.

Pa zilumba za Farne pamaswanso abakha am'nyanja otchedwa eider. Aakazi ake akamafungatira mazira amakhala phee, ngakhale munthu afike pafupi. Mwambo wakale umati Cuthbert analetsa anthu kuwavutitsa, ndipo mpaka lero anthu akumeneko amawatchula ndi dzina lake, Cuddy.

Batalo silinakhalitse. Mu 684 anasankhidwa kukhala episkopi, koma anakana kuchoka pachilumbapo. Mfumu Ecgfrith inachita kuwoloka nyanja kukamuchonderera, ndipo iye anavomera akulira. Anadzozedwa ku York pa Pasaka wa 685, natumikira dayosizi ya Lindisfarne, akuyendera midzi ngakhale pomwe mliri unali kupha anthu. Khirisimasi ya 686 itapita, ataona kuti mphamvu zikutha, anabwerera ku Inner Farne. Anamwalira komweko pa 20 Malichi 687. Manda ake ali m'tchalitchi chachikulu cha ku Durham.