Mai Virginia Apgar: Dotolo wa Mphindi Yoyamba ya Khanda

Mwana akabadwa pa cipatala ca St Francis ku Katete, kapena m'zipatala za ku Sinda ndi ku Vubwi, mzamba amamuyang'anitsitsa mphindi imodzi ikangotha, nalemba nambala papepala. Nambalayo dzina lake ndi Apgar, ndipo mwini dzinalo anali dotolo wamkazi wa ku America.

Mai Virginia Apgar anabadwa pa 7 June 1909 ku Westfield, New Jersey. Anatsiriza maphunziro a udotolo pa Columbia University m'caka ca 1933. Mtima wao unali pa opaleshoni, koma mphunzitsi wao, a Allen Whipple, anawalangiza kutsata nchito yogoneka odwala ndi mankhwala, imene madotolo ambiri anali kuipeputsa.

Nchito imeneyi ndiyo inawalowetsa m'cipinda cocilira amai. M'menemo maso onse anali pa mai. Khanda lobadwa lolefuka, losalira, kawirikawiri linali kuikidwa pambali monga lakufa kale, cikhalireco kamtima kake kali kugunda. Linali kusowa mpweya cabe.

M'caka ca 1952 Mai Apgar anakonza muyeso wao, naufalitsa mu 1953. Mzamba amaona zinthu zisanu: kugunda kwa mtima, kupuma, kulimba kwa manja ndi miyendo, kudzidzimuka mwana akakhudzidwa, ndi maonekedwe a khungu, amene kwa ana athu amaoneka bwino pamilomo ndi palilime. Ciliconse cimalandira 0, 1 kapena 2. Zikakwana 7 kufikira 10, mwana ali bwino. Zikakhala 3 kapena kucepera, afunika kuthandizidwa kupuma pomwepo. Amayesanso pakatha mphindi zisanu. Nzeru yake njapafupi, yosalira makina, ndipo n'cifukwa cake inafika ngakhale m'zipatala za kumidzi.

Ndi muyeso womwewo anapeza kuti mankhwala a cyclopropane, opatsidwa kwa mai pobereka, anali kufooketsa khanda, ndipo madotolo anawaleka pa nchitoyo.

Kuyambira 1959 anagwira nchito ndi bungwe la March of Dimes, losamala za ana obadwa ndi zilema, nalimbikitsa katemera wa rubella, nthenda imene ikagwira mai wapakati ingabadwitse mwana wogontha kapena wakhungu.

Sanakwatiwe, sanakhale ndi mwana wao-wao. Popumula anali kuimba violin, ndipo zoimbira zina anazisema okha. Anamwalira ku New York pa 7 August 1974, ali ndi zaka 65.