Hamada Shoji, woumba mbiya wa ku Mashiko

Japan ndi dziko lakutali, la pa zilumba. Kumeneko kunali munthu wina dzina lace Hamada Shoji. Iye anabadwa m'caka ca 1894. Ali mnyamata, anaphunzira nchito youmba pa sukulu ina mumzinda wa Tokyo.

M'caka ca 1920, Hamada anapita ku England ndi bwenzi lace Bernard Leach. Awiriwa anamanga malo oumbira m'tauni ya St Ives. Patapita zaka zocepa, Hamada anabwerera kwawo. Mu 1924 anakakhala ku Mashiko, tauni yaing'ono ya anthu oumba.

Anthu a ku Mashiko ankaumba miphika, mitsuko ndi mbale za pakhomo. Masiku amenewo, ambiri anayamba kukonda zinthu za ku fakitale. Zoumba za kumudzi ankazipeputsa. Hamada sanagwirizane nazo. Iye anaona kuti mbale yodyeramo tsiku ndi tsiku nayonso ndi yokongola. Pamodzi ndi anzace, Yanagi Soetsu ndi Kawai Kanjiro, anaphunzitsa anthu kulemekeza nchito ya manja.

Hamada ankaumba ndi dongo la komweko ku Mashiko. Ankatenga phulusa la mankhusu a mpunga, nalisakaniza ndi miyala yopera ndi madzi. Kenaka ankathira madziwo pa mbale. Pa mbale zina ankajambula nzimbe, zimene anaziona pa cilumba ca Okinawa. Pomaliza ankaocha mbalezo ndi nkhuni mu uvuni waukulu womangidwa pa citunda. Zikapsa, zinkatuluka zolimba ndi zowala.

Oumba ambiri ochuka amalemba maina awo pansi pa mbale. Hamada sankalemba dzina lace. Iye ankafuna kuti anthu aziona mbaleyo, osati dzina la mwini.

Mu 1955, boma la Japan linamulemekeza. Linati Hamada ndi cuma camoyo ca dziko. Iye anamwalira mu 1978 ali ndi zaka 83.

Lero alendo amapita kukaona malo amene Hamada ankakhala. Ku Mashiko anthu akuumbabe, ndipo kawiri pa caka kumakhala msika waukulu wa zoumba.

Mafunso

1. Kodi Hamada anakakhala kuti m'caka ca 1924?
2. Cifukwa ciani sankalemba dzina lace pa mbale?
3. Funsani makolo anu: ndani amaumba mbiya m'mudzi mwanu?