Pierre Bonnard, Mmisiri Wojambula Zithunzi

Pierre Bonnard adabadwa m'chaka cha 1867 m'dziko la France. Bambo wake adafuna kuti iye aphunzire zamalamulo, ndipo adaphunziradi, koma mtima wake udali pa ntchito yojambula zithunzi ndi penti wamafuta.

Mmisiri ameneyu sankafulumira kunena kuti chithunzi chatha. Ankakhoma nsalu zojambulapo pakhoma, n'kumaziyang'ana tsiku ndi tsiku. Akaona pena posamukondweretsa, ankatenga burashi n'kupakapo penti wina.

Cha m'ma 1921 adayamba kujambula chithunzi cha akazi awiri ali m'munda wamaluwa. Mmodzi adali Marthe, amene pambuyo pake adakhala mkazi wake, ndipo winayo adali Renée Monchaty. Chithunzichi sadachigulitse ayi. Adangochisunga kwa zaka zoposa 20. Renée adamwalira mu 1925, Marthe mu 1942. Atatsala yekha, atakalambanso, Bonnard adatulutsa chithunzi chija mu 1945 n'kuyambanso kuchikonza. Kumbuyo kwa Renée adapakako penti wachikasu, kotero kuti mtsikanayo adawala ngati waombedwa ndi dzuwa la m'mawa.

Chithunzi chake chotsiriza chidali cha mtengo wa alimondi utachita maluwa. Ngakhale adali kudwala, manja atafooka, adaonabe kuti penti wobiriwira amene adapaka patsinde pa mtengowo sadakhale bwino. Tsono adapempha mwana wa mlongo wake, Charles Terrasse, kuti amuthandize kupakapo wachikasu. Pasanapite nthawi yaitali, pa 23 Januwale 1947, Bonnard adamwalira ku Le Cannet.